Malo Opanda Ntchito

Lachinayi, mu Okutobala. Lero kwatentha koopsa, fumbi mpaka m'mano.

Ndinapita kumsonkhano wa kampani ija yofuna kukulitsa nyumba yake yosungiramo katundu mpaka kudambo la kumapeto kwa komboni yathu ya George. Bambo wina wovala tayi anatambasula mapu. Akuti zonse zikugwirizana ndi pulani ya mzinda, adzakumba ngalande, adzabzala mitengo m'mbali mwa mpanda. Pomwe pali dambo analembapo kuti "malo opanda ntchito".

Opanda ntchito! Amayi ankalima repu ndi nzimbe pamenepo ubwana wanga wonse. Tinkawatsatira ndi zidebe, matope mpaka m'maondo, n'kumaliza nzimbe tisanafike n'komwe kunyumba. Madzi a mvula a komboni yonse ankathera pomwepo.

Ba Tembo, aneba anga, anakweza dzanja: "Manje mukaikapo simenti, manzi yazayenda kuti?" Bambo wa tayi uja anati funsolo alilemba.

Pobwerera ndinadzera kudamboko, ndinapeza atakhoma kale zikhomo zofiira. Chimodzi chili pomwe panali chitsime cha amayi. Ndinachigwedeza pang'ono, chinazuka chokha. Kunsonga kwake kunali matope, mu Okutobala muno...