Mphete ya Apongozi Yakana Kuvuka

Aphungu,

Pepani kuti ndikutayitsani nthawi ndi nkhani ya chala chimodzi, pomwe anzanga amakulemberani za mabanja otha. Koma chala chimenechi chandisowetsa mtendere, ndipo aliyense amene ndamufunsa nzeru kunyumba kuno wangondionjezera mutu.

Ndine mayi wa zaka 56. Sukulu ndinalekezera ku pulaimale amayi anga atadwala, ndipo chiyambire pamenepo chimene ndimadziwa ndi singano. Ndasoka makatani ndi kukonza madiresi a ukwati pa sitolo imodzi kuno ku Tuam kwa zaka 31, mpaka pa 28 Febuluwale pamene mwini wake anatseka n'kupita kukapuma. Amuna anga, a Jarlath, msana unawalanda ntchito ya zomangamanga. Angotsala ndi tinkhosa timene timadya zambiri kuposa zimene timabweretsa. Ndiye ntchito ndikuifuna ndithu, si zongofuna kopitira m'mawa ayi.

Mwana wanga Dervla anandilembetsa pa fakitale ina ku Galway, kumene amapanga tizitseko ta mtima, tija madokotala amaika mwa munthu take tobadwa nato tikatopa. Atandiuza ndinaseka. Koma akuti kansalu kake kamasokedwa pamanja, munthu akuyang'anira pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo amafuna anthu ozolowera singano. Andiitana ku intavyu Lachiwiri pa 21 Okutobala. Kumeneko akayamba ndi mafunso, kenako akandiveka zovala zawo zija zobisa munthu yense kungotsala maso, n'kundilowetsa m'chipinda chosalola ngakhale kafumbi, kuti aone kasokedwe kanga. Anenetsa kuti ndisadzole kalikonse, ndisapake zikhadabo, ndiponso ndisavale ndolo kapena mphete.

Zodzola sindidandaula nazo, nkhope yangayi inazolowera madzi okha. Vuto ndi mphete ya ukwati. Ndi ija ya Claddagh, ya manja awiri ogwira mtima, pamwamba pake kachisoti kachifumu. Inali ya apongozi anga, iwonso anailandira kwa apongozi awo. A Jarlath anandiveka pa 15 Juni 1991. Inavukapo kamodzi kokha, pa 3 Malichi 1996, kuchipatala pobadwa Dervla, ndipo chibwererere pachala sinasunthenso. Chala chinakula, mphete ayi.

Tayesa zonse. Sopo wotsukira mbale, madzi oundana, ulusi wozunguliza monga Dervla anaonera pa foni yake. Batala tinawononga theka la paketi, wopindula anali galu. Dervla amati akamakoka, "Kokani mpweya, amayi!" ngati kuti mimba ili pachala. A Jarlath ali pambali ndi kapu yawo ya tiyi, akuti, "Polowa sinavute. Masikono anu aja amenewo." Ndinati, "Amene amadya anayi pa tsiku ndi ndani?" Iwo anati, "Anga amapita kumimba, kumalo kwake. Anu amasochera." Pano chala chili ngati soseji yokazinga, ndipo pamfundo pasupuka.

Loweruka pa 4 Okutobala ndinapita kwa mmisiri wa mphete. Anachitembenuza chalacho uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Mayi, mwamenyana ndi ndani?" Anati njira ina palibe koma kudula. Kudula, kuonjezera golide ndi kulumikiza ndi mayuro 65, ndipo ingakonzeke pakatha masabata awiri. Nditawauza a Jarlath anayamba ndi nthabwala, akuti ali ndi pulayazi yodulira waya wa mpanda, iwo achita ulere. Kenako nthabwala zinatha. "Dulani, chala ndi chanu," anatero. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Nanga akailumikiza, akakuvekani ndani? Kamnyamata ka kwa mmisiri kaja?" Ndinati, "Ndikavala ndekha, manja ndili nawo." Anatenga chipewa n'kupita kukadyetsa nkhosa zimene anali atazidyetsa kale. Chiyambire tsikulo amandiyankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo sindikudziwa chimene ndinalakwa.

Koma moto weniweni ndi alamu anga a Attracta, mlongo wawo wamkulu wa a Jarlath. Lamlungu titatuluka ku Misa anandigwira dzanja pakhomo penipeni pa tchalitchi, anthu akudutsa. "Ndamva, Nuala, ndamva," anatero. "Mphete imeneyi yakhala pa zala zitatu osalawa chitsulo. Amayi anachapa nayo, anakama nayo ng'ombe, anabereka nayo ana asanu ndi atatu. Ndiye iwe ukadule mtima wa kwathu kuti uzikasoka mitima ya alendo?" Ndinayankha chapansipansi kuti, "Alamu, ndi ntchito." Iwo anati, "Ntchito! Ukaidula ibwere kwa ine, zidutswa zomwezo. Ndinanena kalekale kuti chala chakocho si cha mphete imeneyi." Anthu anaseka. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Tsono aphungu, ndikuuzeni maganizo amene andibwerera. Ndikuti ndiikulunge mpheteyo ndi pulasitala, ndikanene kuti ndinadzicheka ndi mpeni wa buledi. Ndayeserera kale ndi magolovesi otsukira mbale. Awiri oyamba kachisoti kaja kanawabowola, lachitatu linapirira, bola ndisapinde chala. Dervla akuti ndapenga. Ine ndikuona kuti potero aliyense akhala pa mtendere, ndipo ntchitoyo ikandikana, mphete ikhala isanadulidwire chabe.

Pakuti ingandikane ndithu. Intavyu sindinachitepo chibadwire. Dervla amandikhazika patebulo, n'kuvala magalasi anga kuti aoneke ngati bwana, n'kunena kuti, "Tiuzeni chifukwa chake tilembe inuyo." Ine ndimati, "Kaya, mwina alipo ena oposa ine." Iye amagwira mutu. "Amayi, mukukapempha ntchito kapena mukukapepesa maliro? Ndiponso kwezani mawu, ndi galu yekha amene wamva."

Ndibise, ndidule, kapena ndingowaimbira foni kuti zandivuta?

N.G., Tuam

Mayi N.G.,

Mwabisa dzina ndi zilembo ziwiri, koma m'kalatamo mwalitchula nokha, ndipo a Attracta ogwira anthu manja pakhomo la tchalitchi ku Tuam alipo amodzi okha. Ndiye tiyeni tingolankhula poyera.

Chalacho chisiyeni lero lomwe. Batala ndi wa pa buledi. Bala losapola lingakutsekereni khomo la chipinda chija msanga kuposa mphete, chifukwa mphete imadulidwa m'kanthawi kochepa pomwe khungu limapola pa nthawi yake. Mawa m'mawa bwererani kwa mmisiri uja adule, kuti pofika pa 21 chala chikhale chitaphwa. Chikayamba kusintha mtundu kapena kuchita dzanzi, musadikire mawa, pitani kuchipatala.

Za pulasitala iwalani. Akakugwirani ndithu, chifukwa asanakupatseni magolovesi akakuimikani pa sinki kuti musambe m'manja iwo akuyang'ana. Koma ngakhale mukanati mudutse, ganizani chimene mukupita kukasoka. Chikakhala m'chifuwa mwa munthu amene simudzamuona, ndipo iye sangabwere nacho kusitolo kuti mumukonzere. N'chifukwa chake fakitale yotere imakhululukira wolakwitsa koma siikhululukira wobisa. Golovesi likabowoka, singano ikagwa pansi, amafuna munthu wokweza dzanja n'kunena. Mwina akakufunsani zomwezo, kuti mutalakwitsa popanda wokuonani mungatani. Mukayankha bwanji kachisoti kachifumu katabisala pachala?

Ndipo musamati idulidwira chabe. Mphete yokana kuvuka pa chala chotupa ndi ngozi kale, kaya ntchito ilipo kaya palibe. Tsiku lina anamwino akanaidula mwaphuma, osafunsa mlamu wa munthu. Mmisiri amadula kumbuyo, posalala paja. Mtima, manja ndi chisoti sazikhudza. Alamu anu akakugwiraninso dzanja, auzeni kuti mtima wa kwawo uli bwinobwino, mwangoukulitsira nyumba. Zidutswa zimene akuyembekezerazo sizikhalapo.

Tibwere kwa a Jarlath. Mayi inu, maso anu amalowetsa ulusi pa singano yaing'ono, koma chingwe chachikulu chonchi mwalephera kuchiona? Bambowa sanakwiyire kudula. Anakufunsani funso limodzi, inu n'kuwayankha ngati afunsa za kiyi wa galimoto. Akufuna akuvekeni okha, basi. Amuna a kwathu kuno angadyetse nkhosa katatu pa tsiku m'malo monena zimenezo ndi pakamwa. Apempheni akuperekezeni kwa mmisiri, ndipo ikakonzeka akaitenge ndiwo. Auzeninso kuti ntchito ikapezeka mphete izitsala kunyumba m'mawa uliwonse, ndiye madzulo pazifunika munthu wokuvekani. Muona ngati sayambanso kulankhula. Pulayazi yokhayo aisiye kukhola.

Za intavyu, zambiri muli nazo kale m'manja. Wengani zikhadabo zifupike. Magalasi anu mulande kwa Dervla, mupite nawo. Gulani magolovesi opyapyala a ku famase, osati otsukira mbale, muzisoka mutavala tsiku lililonse ndi singano yaing'ono kwambiri imene muli nayo, chifukwa m'golovesi singano imamveka mwachilendo. Tsiku lakelo tiyi kapu imodzi yokha, manja angamanjenjemere. Akakupatsani chosoka musathamange kuti muwadabwitse. Mverani malangizo mpaka kumapeto, ndipo pamene simunamve funsani, ngakhale kawiri. Kumeneko sakufuna munthu wosoka mwa njira yake, akufuna wosoka mwa njira yawo, lero, mawa ndi mkuja chimodzimodzi. Ganiziranitunso za mashifiti ausiku ndi za mayendedwe a ku Galway, chifukwa akafunsa, ndipo "kaya" si yankho.

Funso la Dervla lija lisakuopseni. Palibe akukupemphani kudzitama. Nenani zimene zinachitika monga mwandilembera ine, ndi madeti omwe. Zaka 31 pa sitolo imodzi, ndi madiresi amene akwatibwi anavina nawo mpaka kutopa osathetheka. Munthu wokumbukira tsiku limene mphete inavuka mu 1996 ndi amene amamufuna pa ntchito imene chilichonse chimalembedwa. Koma mwana wanu akunena zoona pa za mawu. M'chipinda muja pakamwa pakakhala pophimba, ndiye mukalankhula chapansipansi akangoona maso akuphethira.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musadikire kuti a Attracta avomere. Mukanyamuka ndi keke kukapempha chilolezo, akusungani pa tiyi mpaka Khirisimasi, ndipo malo anu atenga wina amene alibe mlamu. Pali anthu amene chinthu amachivomereza chikachitika kale, ndipo pakapita nthawi amauza aliyense kuti nzeru inali yawo. Asiyireni ulemu umenewo. Inu katengeni ntchito.

Aphungu