Mchombo wa Vitumbiko

Tukombo,
Nkhata Bay.
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo mwendo uja sukukuvutani kwambiri ndi kuzizira kwa ku Lizulu. Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba. Foni ya mlongo wanga Edwin mukuidziwa, munthu ukati upereke moni umayankhidwa ndi mudzi wonse. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine. Valani magalasi anu owerengera Baibulo aja, mukakhale kuseri kwa nyumba, muwerenge nokha.

Mdzukulu wanu Vitumbiko anamuchita opaleshoni masiku khumi apitawa kuchipatala chachikulu ku Mzuzu. Mtima ukhale m'malo, tinatuluka, ndipo pano ndikulemba ali pamkeka akulimbana ndi nthochi. Koma kuti mumve bwino, ndiyambire pamene ndinakunamizani.

Mukukumbuka mutabwera kudzandisunga m'chikuta? Masabata atatu aja ndimawasowa mpaka lero. Munatsika minibasi ndi thumba la kachewere pamutu, mukudandaula kuti dziko lino latalika dala. Kondowole munkati akukumatani m'kamwa, nyanja munkaionera patali. Apongozi anga anyaMhone ankakuyankhulani Chitonga, inu n'kumangoti "yewo" pa chilichonse, ngakhale tsiku lomwe ankakufunsani ngati mwaona nkhuku yawo. M'mawa uliwonse munkafunditsa madzi, kuwayesa ndi chigongono, n'kumusambitsa mwanayo pamiyendo panu mukung'ung'udza nyimbo yomwe munkatiimbira ife. Ndipo tsiku silinkapita osandikumbutsa kuti mchombo ukayamba kuuma ndiziuyang'anira, chifukwa ukagwera pakati pa miyendo ya mwana wamwamuna, ameneyo sadzabereka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi munatsagana ndi anyaMhone kukavuula chinangwa. Ine kunali kutopa, tulo tinandiba masanasana. Podzuka ndinapeza mchombo uli m'thewera, pamalo penipeni pomwe munkaletsa paja. Ndinautola msanga, ndipo mutabwera ndinakuuzani kuti wagwera pambali, pansalu. Munalulutira, Amayi, n'kukaukwirira nokha.

Inu mutabwerera kumudzi ndinayamba kumusambitsa ndekha, ndipo m'pamene ndinaona kuti kathumba kake kalibe kanthu. Edwin ndinamusambitsapo ali khanda, ndikudziwa mmene mwana wamwamuna amakhalira. Timbewu tiwiri tija panalibe. Ndinadikira mwezi, ndinadikira wina, ayi ndithu. Mumtima ndinati basi, tulo tanga tamupha mbewu mwana wa eni.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mlonda. Thewera ndinkasintha ndekha, chitseko chotseka. Ana a kuno amakulira m'madzi ali mbulanda, wanga yekha ndi kabudula, mpaka anthu ankati mkazi wa Rabson akulera mwana ngati wa m'tauni. Kusikelo ndinkamupachika ndi kabudula yemwe. Mkamwini wanuyo amalawirira kukacheka mitengo ya labala kuesiteti, pobwera amapeza mwana wasamba kale, ndiye akanadziwira pati? Kumudzi nako ndinasiya kubwera. Khirisimasi ziwiri ndakhala ndikunamizira mvula ndi misewu, chikhalirecho ndinkadziwa kuti ndikangofika, inu mufunditsa madzi.

Mwezi wa Juni malungo anandigwetsa, ndipo anyaMhone anamutenga Vitumbiko kupita naye kunyanja osandiuza. Pobwera anakhala pansi pafupi ndi mphasa yanga, mwana ali kumsana, nandifunsa m'Chichewa chawo chopindika chija: "Amake Vitu, ichi mwachiona liti?" Ndinalira, ndinaulula zonse. Ndinkayembekeza kuti andilongedzetsa katundu. Iwo anangoti nkhani ya mchombo nawonso anaimva kwa amayi awo, koma mutu umodzi susenza denga, tipite akatiuze achipatala. Nditangopeza bwino tinapita ku Chintheche, kumeneko anatitumiza ku boma, ku boma n'kutilembera kalata ya ku Mzuzu.

Adokotala ake anali mayi wa msinkhu wanga, wosachita manyazi kutchula zinthu ndi maina ake. Anati machende a mwana amayambira m'mimba n'kutsika asanabadwe, koma a Vitumbiko anaima panjira. Ndinalimba mtima n'kufunsa za mchombo. Sanandiseke.

"Mayi, mwanayu anabadwa choncho," anatero. "Mchombo unagwa zinthu zili kale mmene zilili. Chomwe ndikudandaula nacho n'chakuti mwachedwa naye. Izi timafuna kukonza mwana asanakwane chaka ndi theka."

Vitumbiko ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Za kubereka anati sangalonjeze ndipo sangakane, zidzaoneka iye atakula. Ndiye onani, Amayi, tulo tomwe ndakhala ndikutida tija tinalibe mlandu. Chomwe chinamulakwira mwana ndi pakamwa panga potseka. Mawu amenewa amandiwawa, ndipo sindikubisani.

Tsiku la opaleshoni anatiletsa kumupatsa chakudya. Analirira phala mpaka mawu kusasa, akundikoka bulauzi, akudabwa kuti mayi ake asanduka munthu wotani. Kenako anamuveka kamkanjo kobiriwira kofika kumapazi, nesi n'kumunyamula. Anapita akundiyang'ana mpaka chitseko chinatsekeka. Rabson, yemwe chimvereni nkhaniyi ankangondiyankha ndi mutu, anandikhazika pabenchi. Anakhala pambali panga, kenako anati, "Sabina, ukanandiuza tikanasenza awiri." Anandigwira dzanja, ndipo sanalisiye.

Adokotala anatsitsa machende onse awiri bwinobwino. Mwana atatsitsimuka anasanza, analira, kenako anafunsa somba, monga amatchulira nsomba kuno. Mtonga weniweni, wodi yonse inaseka. Ali ndi timabala ting'onoting'ono tomwe tikuuma bwino. Ntchito yomwe ilipo ndi yomuletsa kukwera pabwato la agogo ake ndi kulowa m'nyanja, ndipo pa zimenezi tikudana tsiku lililonse. AnyaMhone amamulondera ndi kamtengo komwe samumenya nako. Mwezi wamawa tibwereranso kuti akamuone.

Tsopano pali chinthu china chomwe chinandibwerera pabenchi paja. Masabata atatu aja womusambitsa munali inu, ndi manja omwe alera ana aamuna atatu ndi kusunga zikuta zosawerengeka. Tsiku lonyamuka munamunyamula nthawi yaitali, minibasi ikuliza hutala, ndipo pondipatsa munati, "Mwanayu uzimusambitsa wekha." Sindinafunse chifukwa chake, inunso simunanene. Zaka zonsezi, inu amene mumakalipira Edwin akangodumphitsa Lamulungu limodzi osakuonani, simunandikakamizepo kuti ndibwere naye.

Sindikukufunsani kuti muyankhe. Koma ngati munaona, ngati mwakhala mukudziimba mlandu kuti munandisiya ndekha tsiku lija n'kupita kuchinangwa, tulani, Amayi. Mchombo uja unalibe kanthu. Mantha okha ndi omwe atidyera zaka ziwiri, inu uko ine kuno, mwana n'kumakula akudziwa mawu anu a pafoni okha.

Mundiperekere moni kwa Edwin ndi mlamu wanga, muwauze kuti mwana anadwala ndipo wachira, zinazo ndidzanena ndekha. Moni kwa azakhali a ku Tsangano ndi kwa amayi a Mvano anzanu. AnyaMhone akuti yewo, ndipo akuti nkhuku ija inapezeka. Rabson akupereka moni waulemu, akuti mukanena tsiku adzakuchingamirani pamsewu.

Kumapeto kwa Seputembala mabala adzakhala atapoleratu. Beseni lomwe munagula ku Chintheche lija lilipo, lang'aluka pang'ono m'mphepete koma silidontha. Bwerani, Amayi. Madzi ndidzafunditsa ine, chitseko ndidzasiya chotsegula, koma womusambitsa mudzakhale inu.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Sabina