Anandisudzula Okha

9 Abril 2022, Ngauma

Masiku makumi anayi chimwalirireni mwamuna wanga Isaías. Kwawo kuno, mwambo wosudzula. Alamu a Claudino, akulu ake a malemu, anaika ndalama yachitsulo m'mbale n'kundipatsa pamaso pa mudzi wonse. Ati ndamasuka. Ndinagwada, ndinalandira, ndinathokozanso, chitsiru ine. Mikeka isanapindidwe n'komwe, akufuna makiyi a nyumba ya ku Cuamba. "Mwasudzulidwa mlamu, kwanu ndi ku Mandimba." Zaka 19 m'nyumba imeneyo. Njerwa ndinaumba ine, madzi ndinatunga ine, Isaías ali ku ntchito yake ya njanji. Makiyi ndakana.

16 Abril, Mandimba

Kwa achimwene a Domingos. Ku Cuamba ndinapeza loko wina pachitseko, katundu wanga pakhonde, masaka atatu. Mwana wanga Marlene ndamusiya kwa aneba kuti asasiye sukulu. Ine mphasa m'chipinda cha chimanga, anankafumbwe m'tsitsi. Achimwene akuti ndizisiye, milandu imadya munthu. Iwo angaisiye nyumba yawo? Chakudya sichikulowa. Mkwiyo wokhawokha.

3 Maio, Cuamba

Chapa cham'mawa, kaminibasi kodzaza, nkhuku ya eni pamiyendo panga njira yonse. Ku ofesi yothandiza osauka pa milandu ndapeza loya, mayi Aida. Thupi kachepechepe, pakamwa lumo. Anafunsa pepala la ukwati. Palibe. Tinakwatirana mwa ankhoswe, zokalembetsa kuboma tinkangoti mawa, mawa. Ndinati basi, zathera pompa.

Anatulutsa kabuku. Pangano la mayiko a mu Africa pa ufulu wa amayi, ndime 21: mkazi wamasiye ali ndi ufulu wopitiriza kukhala m'nyumba ya banja. Dziko lathu linavomereza, ndipo malamulo aakulu a dziko amati pangano lovomerezedwa limagwira ntchito konkuno, ngakhale m'bwalo la milandu la pa Cuamba. Ndinati awerengenso. Ndiye anthu anakhala pansi n'kulemba za ine, ine osadziwa, ndili kalikiliki kukazinga mandasi pa siteshoni.

27 Maio, Mandimba

Mayi Aida anakasuma ku bwalo la milandu, yankho la a Claudino lafika. Akuti sindinali mkazi wa Isaías. Ati ndinkangokhala naye. Ndawerenga katatu. Nanga Marlene anagwa mumtengo? Nanga amene ankawatengera madzi osamba iwowo akabwera kudzacheza anali ndani? Ndalira, sindibisa. Ndalama ya m'mbale ija ndinafuna kuiponya m'chimbudzi, dzanja linakana. Ili pa mfundo ya kapulana wanga, chitenje cha m'chiunochi.

5 Julho, Cuamba

Lero ndi lero, tsiku la mlandu.

Woweruza ndi mayi wamagalasi, amalankhula Chipwitikizi, womasulira ali pambali. A Claudino avala jekete la Isaías, mikono kuwathera pakati pa dzanja ndi chigongono. Manyazi alibe. Anafunsidwa chifukwa chake ananditulutsa m'nyumba. Anatsokomola kaye, n'kuyamba. Ati sanandithamangitse ngati galu ayi, iwo ndi anthu a mwambo, anandisudzula bwinobwino, mboni ndi mudzi wonse wa ku Ngauma. Chifuwa patsogolo. Woweruza anafunsa kuti kusudzula n'chiyani. Anafotokoza okha, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana: za mbale, za ndalama, za kumasula mkazi wa malemu.

Funso lotsatira ndidzalowa nalo m'manda. "Kodi kwanu mumasudzulanso munthu amene sanali mkazi wa malemu?"

A Claudino kuyang'ana kudenga, kuyang'ana nsapato. Ine osadikira kuuzidwa, ndinamasula mfundo, ndalama ija ngwee patebulo. Anafunsidwa ngati akuidziwa. Anaidziwa. Mayi Aida anabisa nkhope m'mapepala, mapewa akugwedezeka.

19 Julho, Cuamba

Chigamulo. Ukwati unalipo, a Claudino anavomereza ndi pakamwa pawo. Woweruza anatchula malamulo a dziko, kenako ndime 21 ija, mokweza, dzina langa lili pambali pake: Perpétua, mkazi wamasiye wa Isaías. Makiyi abwezedwe pasanathe masiku asanu. Za katundu wina zidzakambidwa padera, kaya, zimenezo sizikundisowetsa tulo. Panja ndinalulutira mpaka a njinga zamoto anatembenuka. Achimwene aja ankati ndizisiye lero akuuza aliyense kuti mlongo wawo ndi mwamuna. Ndawasiya. Ndakondwa, ndakondwa zedi.

25 Julho, m'nyumba mwanga

Makiyi a Claudino anatumiza dzulo pa chapa, m'thumba la shuga. Kubwera okha analephera. Mkati fumbi, makoswe anachita ukwati m'khitchini, mpapaya wanga wauma. Ndasesa kuyambira m'mawa ndikuimba. Marlene wabwerera pa bedi lake, mabuku ake pawindo.

Ndalama ija ndaiboola ndi msomali, ndaikhomera pamwamba pa chitseko. Aliyense wolowa aziiona, makamaka a ku Ngauma.

Masana sitima inalira ikulowa mu siteshoni. Nthawi imene Isaías ankabwera kudzadya. Ndinali ndidakali pampando, hamala m'manja, ndinangomva ndikuitana, bambo a Marlene, tabwerani mudzaone.

Ndinaitana kawiri.