Ndege ya Odwala

Okondedwa Amalume Qurban,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndimakumbukirabe tsiku lija munandinyamula paphewa kwathu ku Quetta kuti ndithyole mabulosi, mukuimba dzina langa. Mumsasa wotsekeramo othawa kwawo muno, pachilumba pano, dzinalo silimveka. Alonda amatiitana ndi nambala ya boti lomwe linatibweretsa. Mahema amatentha ngati uvuni, ndipo tinaleka kufunsa tsiku lotuluka.

Paja mkazi wanga Sediqa anamutengera pandege kuchipatala cha mumzinda wa Brisbane ali woyembekezera. Mwana wathu Marzia akuyenda kale, ine ndisanamunyamulepo. Ndege imatenga odwala kwambiri okhaokha. Tsiku lina mnzanga Abakar ankandiseka: "Aise, khosomola mwamphamvu, mwina ungakwere!" Ataona magazi pakansalu komwe ndinatsekera pakamwa, analeka kuseka.

Amayi musawauze za matendawa. Adokotala avomera kuti ndikwere ndege. Lachinayi ndikamuona Marzia, kuchipatala.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Eshaq