Zidendene za Bambo

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Ndasankha kalata chifukwa pa foni paja munandidula ndisanamalize, ndipo pepala simungalidule pakamwa.

Mwana wanu ali bwino, sukulu akupita. Koma zija ankadandaula za kupweteka kwa mtsempha wa kuchidendene sizinali ulesi wothawa masewera monga munkanenera. Nditamutengera kuchipatala, adokotala, mayi wachikulire wosathamanga polankhula, anamugwiragwira kenako n'kundifunsa ngati kwathu alipo anafa ndi mtima asanakalambe. Ndinatchula bambo, mmene anagwera pa masitepe a ku ntchito tsitsi lisanayambe imvi. Ndinatchulanso abambo aang'ono. Atandifunsa za zotupa, ndinaseka kuseka kowawa. Ndinawafotokozera mmene bambo ankachekera nsapato zatsopano kumbuyo ndi lumo kuti chidendene chikwane, ndiponso timadontho tachikasu ta pazikope zawo, timene nanunso muli nato.

Anayeza magazi a mwanayo, mafuta aja amati kolesitolo anapezeka okwera ngati a munthu wamkulu wodwala. Ine ndinayamba kudziteteza kuti sindimudyetsa zonona. Iwo anati, "Mayi, musadzizunze, si mphika wanu. Mafutawa ambiri amapangidwa ndi thupi lenilenilo. Sasungunuka m'magazi, ndiye amayenda atakutidwa m'timitolo ting'onoting'ono, ndipo chiwindi chili ndi timakomo tokokera timitoloto mkati kuti tiphwanyidwe. Mwanayu anabadwa ndi theka la timakomoto. Zotsalazo zimangozungulira, zina n'kukhazikika m'mitsempha ya mtima, zina kuchidendene, zina pazikope."

Achimwene, chimenecho ndiye chizindikiro chanu chija. Chimene azakhali ankakukwezerani buluku pamaso pa alendo muli mnyamata wamkulu kale, akuti, "Onani, uyu ndiye wathu, chidendene cha bambo ake ndi bambo ake aang'ono." Ine ankandiyang'ana kumapazi n'kutsonya. Dzina loti Mlendo anandipatsa ndi iwo, inu n'kumaliitana mosangalala mpaka anzanga a kusukulu analitola. Amayi ankangolowa kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti tisamve kuti akulira. Anapita kumanda anthu akuwanenabe kuti ine ndine wapathengo.

Ndinafunsa adokotala ngati mwana aliyense wa bambo wotere amatengera. Anati ayi, zili ngati kuponya ndalama m'mwamba, wina amatenga, wina satenga, onse a bambo mmodzi. Mawu ochepa chonchi, amayi anawasowa moyo wawo wonse.

Nanenso anandiyeza. Ndikuuzani zoona, podikira zotsatira pa benchi paja ndinkapempha mumtima kuti andipeze nawo. Tangoganizani, munthu wamkulu ndi nzeru zanga kulakalaka matenda kuti mwina azakhali anditchule mwana wa mchimwene wawo! Anandipeza ndilibe. Namwino anati ndithokoze Mulungu, ine ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa chimbudzi. Apa ndi pamene munandifikitsa anthu inu.

Tsono pa foni paja munati ndisamwetse mwana wanu mankhwala, akuti azakhali anena kuti ndi chibadwa cha mtundu, sichichiritsidwa. Munawonjeza kuti, "Za magazi athu iwe ukuzidziwa bwanji?" Mawu amenewo sindinawameze, ali pakhosi mpaka lero. Mwana wanu munamusiya m'manja mwanga amayi ake atamwalira, ndamulera, ndamuchapira, ndagona naye m'chipatala, pamenepo magazi anga sanali vuto.

Dziwani kuti mapiritsi anayamba kumwa, kamodzi madzulo alionse. Amachititsa chiwindi kuchepetsa mafuta amene chimapanga, ndiye chimatsegula timakomo tambiri kuti chizitola a m'magazi. Atamuyezanso apeza kuti atsika. Mukafuna kukwiya kwiyani, mukafuna kudzamutenga bwerani, koma mudzamuuze nokha chifukwa chake. Iye anandifunsa tikutsuka mbale, "Azakhali, ndiye adadi nawonso adzagwa ngati agogo?" Ndinamuyankha kuti ayi, bola akamwe mankhwala. Musandisandutse wabodza.

Chaka chamawa mukwanitsa zaka zimene bambo anafera. Munandiuza nokha mwezi watha kuti mukakwera masitepe chifuwa chimakuthinani, n'kunamizira kuzizira kwa kumeneko. Si kuzizira, achimwene. Pitani mukayezetse sabata ino, muwauze za bambo, muwaonetse zidendene zimene mumanyadirazo. Kupepesa kwanu sindikukufunanso, nthawi yake inapita ndi amayi. Ndikungokana kulera mwana wamasiye kawiri. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo langa lakana kuola ngakhale munalitaya kudzala.

Azakhali ndinakawaona Lamlungu, miyendo ikuwavuta. Ndinawasambitsa mapazi, ndipo ndinayang'anitsitsa. Zidendene zawo n'zosalala ngati zanga. Ndinangowapukuta.

Mwana wanu akupereka moni, akuti nsapato munatumiza zija zamukwana, sitinazicheke.

Ndine mlongo wanu, wa bambo mmodzi,

Mlendo