Kabowa ka mu Udzu wa Alamu

Okondedwa achimwene,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu kutaliko. Ng'ombe zanu zanenepa ndi udzu watsopano uja anabweretsa alangizi a zaulimi. Akuti mkati mwake mumakhala kabowa kosaoneka ndi maso, kamene kamauteteza ku tizilombo ndi chilala. Ndinang'amba phesi, sindinaone kanthu, koma mkaka wachulukadi.

Chondidabwitsa n'chakuti alangiziwo amabwera katatu pa sabata kudzayendera kabowako kuseri kwa nyumba yanu, opanda ngakhale galasi loonera. Alamu amawaperekeza atatchena. Inetu ndinadzala udzu womwewo tsiku lomwelo, koma kwanga sanapondeko.

Sindikunena kanthu ine. Koma tchuthi chanu chili liti?

Ine mlongo wanu.