Chipere Chija Chabwereranso

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ana ali bwino, koma ine chipere chija chabwereranso pakhosi. Mankhwala a kuchipatala ndinapaka mpaka kutha, matawulo ndi zofunda ndinachapa ndi madzi otentha, koma ayi ndithu. Ku saluni makasitomala ayamba kukana kuti ndiwagwire m'mutu.

Anesi akuti alipo amene akundipatsira kunyumba. Ndinafufuza: bambo a ana ali nacho pamsana, ndipo akukana kupaka mankhwala.

Masiku ano mathalauza awo sachedwa kung'ambika. Dzulo ndinapita ndekha kwa mayi amene amawasokerayo. Atawerama pamakina, ndinachiona pakhosi pake, chozungulira ngati changa chomwe.

Achemwali, chonde bwerani msanga. Kuchapa kwanditopetsa.

Ndine mng'ono wanu.